Jekete ya POLITE ya okwera hatchi: ndimugulire mwana kapena ayi?

MakeTadala_Devon
Abale a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Mtsikana wanga ali ndi zaka 13. Loweruka amapita kukathandiza pa khola lina la mahatchi kufupi ndi kwathu kuno ku Devon, ku England, kusesa, kutunga madzi, kupesa mahatchiwo, ndiye eni khola amamuphunzitsa kukwera. Tsopano akuti wafika poti ayambe kutuluka ndi anzake, ndipo kuti akafike kunjira ya kutchire ayenera kuyenda kaye pamsewu wa magalimoto. Wabwera ndi chithunzi pafoni cha jekete yomwe akufuna. Ndi yachikasu chowala, ili ndi timabokosi ta buluu ndi siliva, kumsana kwalembedwa POLITE ndi zilembo zikuluzikulu, pansi pake timawu ting'onoting'ono topempha oyendetsa kuti achepetse liwiro. Ukaiona patali ndi wapolisi ndithu. Iye akuti anzake akavala imeneyi magalimoto amadutsa mwaulemu. Ine mtima uli pawiri. Misewu ya kuno ndi yopapatiza, mbali zonse kuli mipanda ya zitsamba yotalika kuposa galimoto, ndipo anthu amathamanga. Ndikufuna mwana azioneka. Koma ife mapepala okhazikika sanatuluke, sindikufuna nkhani iliyonse ndi apolisi. Kodi chovala chimenechi n'chololedwa? Nanga chimathandizadi?

Mphwiyo77
Gulani mayi, musachedwe. Moyo wa mwana ndiwo uli patsogolo. Chikanakhala choletsedwa bwenzi chikugulitsidwa poyera m'mashopu ndi pa intaneti?

NaPhiri_Carer
Ine ndimazungulira m'midzi ya ku Shropshire kusamalira okalamba m'makomo mwawo, ndiye okwera mahatchi ndimakumana nawo kawirikawiri. Kunena zoona, jekete imeneyo imadzidzimutsa. Ukangoona timabokosi ta buluu tija phazi limapita lokha pa buleki. Koma zimatero ukakhala mlendo m'deralo. Anzanga a kuntchito anaizolowera, ndipo ena amachita kuipidwa nayo. Wina anandiuza kuti akaona POLITE amamva ngati akupusitsidwa, ndiye sapereka mpata monga amachitira kwa wokwera amene wavala chachikasu wamba. Sindigwirizana naye, koma anthu oterewa alipo pamsewu ndipo mwana wanu adzakumana nawo.

Dala_wa_Luton
Ine ndikana poyera. Kuvala kuti anthu akuyese wapolisi pomwe suli wapolisi ndi bodza, cholinga chikhale chabwino chotani. Mwana wa zaka 13 tisamuphunzitse kuti chitetezo chake chili m'kupusitsa anthu.

Mphwiyo77
Madala, bodza lili pati? Palembedwa POLITE, sipanalembedwe POLICE. Amene satha kuwerenga asayendetse galimoto.

Dala_wa_Luton
Achimwene, inu ndi ine tikudziwa chifukwa chomwe anasankhira mawu amenewo ndi timabokosi timeneto. Tisanamizane.

Wamalamulo_Leeds
Make Tadala, ndiyankhe funso lanu loyamba. Lamulo lake ndi Police Act 1996, gawo 90, lomwe limagwira ntchito ku England ndi Wales. Scotland ili ndi lake. M'gawoli milandu iwiri ndi imene ikutikhudza. Woyamba ndi wodzipanga kukhala wapolisi ndi cholinga chonyenga anthu, ndipo chilango chake chingafike miyezi 6 kundende. Mwana wokwera hatchi popita kutchire sangagwe mu umenewu wamba. Wachiwiri ndi umene ambiri saudziwa: kuvala chinthu cha yunifolomu ya apolisi, kapena chooneka ngati cha yunifolomuyo, mwakuti wokuona akhoza kukuyesa wapolisi. Apa safunsa zomwe zinali mumtima mwako. Khoti linagamula kale mu 1972, pa mlandu wa Turner v Shearer, kuti chomwe chimayang'anidwa n'chakuti kodi maonekedwewo akanatha kusokoneza anthu. Chindapusa chake chimafika £1,000.

Nkhani ya majekete a okwera hatchi inatentha mu 2013. Bungwe la akuluakulu a polisi lomwe nthawi imeneyo linkatchedwa ACPO, kudzera mwa a Rod Hansen omwe ankatsogolera za apolisi a pamahatchi, linachenjeza kuti zovala zoterezi zikhoza kumuika munthu m'mavuto. Anatchula zinthu zitatu: mtundu wachikasu, timabokosi tija, ndi mawu ooneka ngati POLICE. Kampani ya Equisafety, yomwe inatchuka ndi majekete amenewa, ikuwagulitsabe, ndipo okwera ambiri akuwavalabe.

Koma musaiwale izi. Mu 2018 khoti lina ku London linapeza wolakwa bambo wina wa njinga yamoto amene anavala jekete yolembedwa POLITE. Njinga yake inali yoyera, yomwe kale inali ya apolisi, ndiye zonse pamodzi zinamuonetsa ngati wapolisi weniweni. Anati ankangofuna kuti azioneka pamsewu, koma zimenezo sizinamupulumutse.

Wapolisi woganiza bwino akaona kamtsikana pa hatchi yaing'ono sangataye nako nthawi. Komabe chigamulo chimakhala m'manja mwa wapolisi amene mwakumana naye tsikulo, kenako khoti. Kwa banja lomwe likudikira mapepala, ine ndikanati musagule mkangano ndi ndalama zanu.

Mphwiyo77
Nanga bwanji boma silinatseke kampaniyo?

Wamalamulo_Leeds
Ndime yomwe ndatchulayo ikunena za wovala, achimwene. Amene adzaimitsidwe pamsewu ndi amene ali pa chishalo, osati wa m'shopu.

WapaKhola_Lambourn
Ndimagwira ntchito m'makola a mahatchi kuno ku Lambourn, ndipo kudutsa nawo pamsewu ndi gawo la ntchito yanga. Make Tadala, funso lanu lachiwiri ndilo ndikufuna ndikhalepo pang'ono.

Zoopsa zambiri zomwe ndaziona zimayamba ndi kuonedwa mochedwa. Hatchi yofiirira, wokwera wavala jekete yakuda kapena yobiriwira, ali mumthunzi wa mitengo, dzuwa likuthobwa m'maso mwa dalaivala. Munthu wotere saoneka mpaka galimoto ili pamchira pa hatchi. A British Horse Society, bungwe loona za mahatchi ndi okwera, amati chovala chowala chimapatsa woyendetsa masekondi atatu owonjezera. M'misewu ya kumidzi malire a liwiro ndi 60 mph, pafupifupi makilomita 97 pa ola, pokhapokha pali chikwangwani china. Pa liwiro limenelo masekondi atatu ndi mamita 80, ndipo Highway Code, buku la malamulo a pamsewu, imati galimoto imafuna mamita 73 kuti iime. Pa mtunda wotero palibe amene amawerenga zilembo za pamsana pa munthu. Chimene diso limagwira ndi mtundu. Mawu aja amawerengeka pamene zoopsa zadutsa kale kapena zachitika kale.

Ndiye za mtunduwo. Chikasu chili bwino, koma mu April ndi May minda ya rapeseed, mbewu yopangira mafuta ophikira, ikachita maluwa dera lonse limakhala lachikasu, ndipo pa mpanda wa zitsamba womwe dzuwa likuwomba chikasu chimamira. Mtundu wa olenji nawo umasowa nthawi yomwe masamba akuyoyoka. Ife timasakaniza: wokwera pinki kapena olenji, hatchi chikasu, kapena mosinthanitsa. Dziwaninso kuti nsalu yowala ija imagwira ntchito masana okha. Kukayamba mdima chomwe chimathandiza ndi timizere ta reflector tomwe timabweza kuwala kwa magetsi a galimoto. Jekete yabwino ili ndi zonse ziwiri. Yang'anani kachikwangwani ka mkati, pakhale EN 17353 kapena EN ISO 20471, manambala osonyeza kuti chovala chowalacho chinafika pa muyezo. Ndipo ikachapidwa kwambiri mtundu umafa, imafunika yatsopano.

Chomwe makolo ambiri amaiwala ndi hatchiyo. Tsiku lina kunali chifunga, mnyamata wathu wina anagwa chapatali ndithu ndi khola, hatchi n'kutembenuka yokha kuthamangira kunyumba, zingwe zikulendewera m'khosi. Jekete yonse yowala inatsala m'ngalande ndi mwini wake. Mlimi wina amene ankabwera ndi pikapu anatiuza kuti sanaone hatchi ayi, anaona timizere tinayi towala tikukwera ndi kutsika pafupi ndi phula, n'kuima. Tinali timalamba ta m'miyendo. Ndiye ngati ndalama ndi zochepa, gulani jekete wamba yotchipa, zotsalazo mugule timalamba ta m'miyendo mwa hatchi ndi ka kumchira. Chinthu chomwe chikuyenda diso limachigwira msanga kuposa chongokhala.

Chipewa cholimba ndiye musafunse n'komwe. Mwana wosakwana zaka 14 lamulo la 1990 limamukakamiza kuchivala akakwera pamsewu, chomangidwa bwino pachibwano.

MakeTadala_Devon
Zikomo kwambiri bambo a ku Lambourn. Chipewa ali nacho. Za miyendo ya hatchi sindinaziganizire n'komwe. Koma hatchiyo si yathu, kodi eni ake angalole kuti tiimange timalambato?

WapaKhola_Lambourn
Afunseni mayi, ambiri amakhala nato kale. Akakana kuti hatchi ivale chowala pomwe akutulutsa mwana wa eni pamsewu, ine ndikanayamba kukayikira kholalo.

AnkoloJ
Pali china chomwe sitikuchinena. Mwana wathu wachikuda pa hatchi m'mudzi wa ku Devon amaoneka kale, aliyense amamudziwa kuti ndi wa nyumba iti. Muonjezerepo chovala chonga cha apolisi, wina wa mtima woipa aimba foni kupolisi tsiku lomwelo. Anzake aja akhoza kuvala zaka ndi zaka osafunsidwa kanthu.

NaPhiri_Carer
Ankolo, m'midzi yomwe ndimayenda ine anthu a mahatchi amatetezana kwambiri, sayang'ana khungu. Koma nkhawa yanu ndikuimva, mwana asanyamule katundu amene sakumudziwa.

Mphunzitsi_wa_Galimoto
Ine ndimaphunzitsa kuyendetsa galimoto ku Northampton, ndiye ndiloleni nditembenuze nkhaniyi. Pagulu pano okwera hatchi ndi owerengeka, koma oyendetsa galimoto ndife tonse. Ndi angati akudziwa kuti Highway Code inasintha pa 29 January 2022? Lamulo 215 tsopano limanena manambala enieni. Ukaona hatchi pamsewu utsike liwiro kufika 10 mph kapena kucheperapo, ndiye kuti makilomita 16 pa ola. Podutsa usiye mpata wa mamita awiri. Osaimba hutala, osaponda mafuta kuti injini ilire, ndipo ukadutsa uchoke pang'onopang'ono. Ngati mpata wa mamita awiri palibe, udikire kumbuyo. Lamuloli silinena kuti uchite zimenezi wokwerayo akavala chakutichakuti. Ndi hatchi iliyonse, ngakhale mahatchi oyenda okha a ku New Forest, komanso a ku Exmoor ndi Dartmoor, kufupi ndi kwanu komweko Make Tadala.

Anaikamonso mfundo yoti amene ali ndi chinthu chomwe chingavulaze kwambiri ndiye ali ndi udindo waukulu. Wa lole aziteteza wa galimoto yaing'ono, wa galimoto aziteteza wa njinga, wa hatchi ndi woyenda pansi.

Chomwe chimandiwawa pa jekete ya POLITE n'chakuti imavomereza kuti dalaivala amaopa chindapusa koma saopa kupha mwana. Ndipo pa anthu ambiri ndi zoona. Mu 2023 mokha British Horse Society inalandira malipoti 3,383 a zochitika pamsewu, mahatchi 66 anafa. Amenewo ndi omwe analembetsa okha.

Mwana_wa_Mbare
Aphunzitsi mwanena zoona. Ife a ku Zimbabwe ndi anzathu a ku South Africa laisensi timangosinthitsa ku DVLA, ofesi ya boma ya malaisensi, osalemba mayeso. Ndikudziwa anthu ambiri amene ayendetsa kuno zaka zambiri koma bukulo sanalitsegulepo.

Chimwemwe_M6
Inu muli ndi mwayi. Ya ku Malawi imagwira miyezi 12 yokha, kenako theory, kenako practical, ndipo kupeza tsiku la mayeso ndi nkhondo. Alipo akudziwa malo omwe masiku akupezeka msanga?

Mphunzitsi_wa_Galimoto
Chemwali, lembetsani pa tsamba la boma lenileni basi, musapatse ndalama anthu ogulitsa masiku pa WhatsApp. Ndipo mwayi uli ndi inu amene mukulemba theory, chifukwa za mahatchi muziwerenga. Pa hazard perception, mayeso ozindikira zoopsa pavidiyo, hatchi imatha kutulukira pakona.

KabazaWakale
Nkhani ya reflector ikundikumbutsa kumudzi. Ndisanabwere kuno ndinkapalasa kabaza. Madzulo pamsewu wa M1, njinga yopanda nyale, wanyamula munthu kumbuyo, minibasi ikubwera. Amene anali ndi reflector ankaoneka patali, enafe tinkangodalira khutu. Ngolo za ng'ombe ndiye zinali zoopsa kwambiri usiku, palibe chowala ngakhale chimodzi. Ndikatumiza katundu kumudzi ndimaikamo majekete owala a ku warehouse, abale amagawana.

Dala_wa_Luton
Mukuchita bwino mphwanga. Ndipo taonani, majekete amenewo sanalembedwe kalikonse koma akupulumutsa anthu.

Mphwiyo77
Chabwino, koma ndifunse funso lomwe ambiri akuopa kufunsa. Mahatchi akufuna chiyani pamsewu wa phula? Minda yonseyi, mapiri onsewa. Ine ndimagawa maphukusi, tsiku lonse ndimawerengeredwa mphindi. Ukapeza awiri akuyenda mogundizana akucheza, kumbuyo mzere wa magalimoto. Ndowe amasiya pamsewu pomwepo. Ndiye ine ndiyende 10 mph?

WapaKhola_Lambourn
Achimwene, palibe wokwera amene amakonda phula. Minda mukuionayo ili ndi eni ake, sungangolowamo. Pa njira zonse za kutchire zomwe anthu amaloledwa kuyendamo ku England, okwera hatchi amaloledwa pa 22 peresenti yokha, ndipo njira zimenezo n'zodukaduka. Imodzi imathera pamsewu, ina imayambira kutsogolo. Kuti ulumikize uyenera kuponda phula, monga mmene zilili kwa mwana wa Make Tadala.

Za awiri oyenda mogundizana, nthawi zambiri si macheza. Wa kunja, amene ali mbali ya magalimoto, ndi wamkulu pa hatchi yofatsa. Wa mkati ndi mwana kapena hatchi yomwe ikuphunzira msewu. Wamkuluyo wadziika pakati pa galimoto yanu ndi mwanayo. Highway Code imalola awiri, koma imati pamsewu wopapatiza, wodzaza, kapena pokhota ayende mondondozana. Alipo okwera amwano amene sathokoza ngakhale ndi mutu, sindiwaikira kumbuyo. Komanso dziwani kuti nthawi zina sangachotse dzanja pa zingwe chifukwa hatchi yayamba kuvuta.

Ndipo 10 mph imeneyo ikutetezanso inu. Hatchi wamba imalemera pafupifupi makilogalamu 500. Ndi nyama yomwe ikaopa imathawa isanaganize, ndipo sithawira kutsogolo kokha, imadumphira m'mbali. Chomwe chaidzidzimutsa mwina si galimoto yanu n'komwe. Ndi pepala la pulasitiki lomwe lakodwa pampanda, kapena mbalame yomwe yauluka m'zitsamba mbali ya kumanzere. Ndiye imadumphira kumanja, komwe mukudutsa inu. Mamita awiri aja ndi a kudumpha kumeneko. Galimoto ikaomba miyendo, thupi lonse limabwera pagalasi lakutsogolo.

Mphwiyo77
Zomveka. Koma mukundithandiza mfundo yanga. Ngati zili zoopsa chonchi, mwana avale chilichonse chomwe chingaopseze dalaivala. Ngakhale galimoto imodzi pa khumi ikachepetsa liwiro chifukwa cha timabokosito, ndi phindu.

Wanjinga_Bristol
A Mphwiyo, mfundo imeneyo anthu anaiyesa kale, ngakhale anayesera panjinga osati pahatchi. A Ian Walker, omwe nthawi imeneyo anali ku University of Bath, ndi anzawo anachita kafukufuku yemwe anatuluka cha mu 2013 ndi 2014. Munthu mmodzi ankapalasa njinga popita kuntchito atamangirira kachipangizo koyeza mpata womwe galimoto iliyonse yamusiyira, ndipo ankasintha zovala, mitundu 7. Anayeza magalimoto oposa 5,000. Pa zovalazo panali jekete yowala wamba, panali ya POLITE, panalinso ina yomwe inali ndi mawu akuti POLICE ndi chenjezo loti wokwerayo akujambula ndi kamera.

Zotsatira zake, chovala chokhacho chomwe chinapangitsa oyendetsa kusiya mpata wokulirapo chinali cha kamera chija. Ya POLITE sinathandize, mpata wake unali wocheperako pang'ono poyerekeza ndi zinazo. Ndipo galimoto imodzi kapena ziwiri pa 100 zinkadutsa pafupi kwambiri, mosakwana theka la mita, kaya munthuyo wavala chiyani.

Ndikudziwa kuti njinga si hatchi, ndipo kafukufukuyu ankayeza mpata wodutsira, osati kuti munthu waonedwa ali patali bwanji. Choncho sakutsutsa zomwe anena bambo a ku Lambourn zoti chowala chimathandiza kuoneka msanga. Koma akugwirizana ndi zomwe anena NaPhiri. Dalaivala akayandikira n'kuona kuti si wapolisi, mantha amatha, ndipo kwa ena m'malo mwake mumabwera mkwiyo. Mkwiyowo umabwera pa nthawi yoipitsitsa, galimoto ili pambali penipeni pa hatchi.

NaPhiri_Carer
Ndi zimenezo ndithu zomwe ndimaona kwa anzanga aja.

Mphwiyo77
Njinga sidumpha, hatchi imadumpha. Dalaivala amaopa hatchi kuposa njinga. Sindikukhulupirira kuti zotsatira zikanafanana.

Wanjinga_Bristol
Mwina sizikanafanana. Koma amene akuti jeketeyo imagwira ntchito akudalira zomwe akumva mumtima, pomwe apa pali zomwe zinayezedwa. Pa mwana wanga ndikanatsata zoyezedwazo.

Groom_wa_Kyalami
Moni nonse kuchokera ku Johannesburg. Kuno a Malawi tili ambiri m'makola a mahatchi. Ndikuwerenga nkhani yanuyi ndi chidwi. Chomwe ndingaonjezere n'chakuti chovala chimathandiza, koma hatchi yomwe mukumukwezapo mwana ndiyo nkhani yaikulu. Mayi, funsani kuti hatchi imeneyo inazolowera thirakitala, njinga zamoto ndi malole kapena ayi. Funsaninso kuti amene akutsogolera ana ndi ndani, ndipo ali ndi zaka zingati. Ana okhaokha asatuluke.

MakeTadala_Devon
Zikomo achimwene a ku Joni. Amatuluka ndi mayi mwini khola kutsogolo ndi mtsikana wina wamkulu kumbuyo. Ndakambirana ndi bambo ake, tagwirizana kuti ya timabokosi ayi. Tigula ya pinki ya reflector ndi za m'miyendo mwa hatchi. Mwana wakhumudwa chifukwa anzake awiri ali ndi ija, koma ndamuwerengera zomwe mwalemba. Tsopano za kamera zija, kodi n'zololedwa kujambula anthu pamsewu? Nanga ukajambula umapita nazo kuti?

Wamalamulo_Leeds
N'zololedwa mayi, pamsewu ndi pagulu, chimodzimodzi kamera za m'magalimoto. Nthambi zambiri za polisi zili ndi tsamba la pa intaneti lolandirira mavidiyo oterewa, ambiri amalitcha Operation Snap, ndipo Devon and Cornwall Police ili nalo. Chofunika ndi changu. Pa milandu ngati yoyendetsa mosasamala, kalata yochenjeza mwini galimoto iyenera kumufika pasanathe masiku 14 chichitikireni, ndiye vidiyo itumizidwe m'masiku oyambirira. Nambala ya galimoto ioneke bwino, vidiyo isadulidwedulidwe, pakhale zomwe zinachitika isanafike galimotoyo ndi itadutsa. Musaiike pa Facebook nkhani isanathe. Wotumiza amalemba umboni ndipo akhoza kuitanidwa kukhoti, choncho pa gulu la ana kamera ikhale ndi wamkulu amene akuwatsogolera.

Jekete yolembedwa kuti pali kamera ilibe vuto ndi gawo 90, malinga pasakhale mawu kapena zizindikiro za apolisi. Ndipo kamerayo ikhalepodi.

WapaKhola_Lambourn
Kamera ya pachipewa samalani nayo, osaboola chipewa kapena kumata chinthu cholimba pomwe chingabaye mutu akagwa. Zilipo zomangira pa lamba kapena pachifuwa. Palinso app ya British Horse Society yotchedwa Horse i yolembetsera chilichonse chomwe chachitika, ngakhale palibe wavulala. Manambala omwe atchula aphunzitsi aja amachokera m'malipoti oterewa, ndipo ndi omwe amathandiza pokakamiza makhonsolo kuika zikwangwani. Mwana akafuna kuphunzira bwino za pamsewu, bungwe lomwelo lili ndi maphunziro otchedwa Ride Safe.

Kumapeto kwa October mawotchi akabwezedwa, muuzeni kuti pofika 3 koloko akhale atabwerera kukhola. Mu December 4 koloko kumakhala kwada kale.

AnkoloJ
Nanga anzake awiri aja a POLITE, tiwasiye choncho? Makolo awo akudziwa za lamuloli?

Dala_wa_Luton
Make Tadala awauze mayi mwini khola mwaulemu, iwo ndi amene alankhule ndi makolowo. Mlendo sayamba ndi kudzudzula ana a eni mudzi.

Mphwiyo77
Ine ndikanali pomwepo, wanga ndikanamugulira. Koma ndifunse ngati dalaivala. Msewu wa galimoto imodzi, mipanda mbali zonse, ndatuluka pakona, hatchi ikubwera kutsogolo kwanga. Mamita awiri palibe. Ndibwerere m'mbuyo kapena ndiime?

WapaKhola_Lambourn
Imani kaye, mufinyikire kumanzere momwe mungathere, ndipo muyang'ane wokwerayo. Akatambasula dzanja n'kumalikweza ndi kulitsitsa akuti chepetsani liwiro. Akakuonetsani chikhatho akuti imani. Ngati hatchi ikuvinavina kapena yaimika makutu ikuyang'ana vani yanu, zimitsani injini ndi wailesi, muisiye idutse yokha. Musabwerere m'mbuyo pokhapokha wokwerayo wakupemphani, chifukwa kabelu ka mavani kolira pobwerera kaja mahatchi ambiri amakaopa. Kawirikawiri iye ndi amene amapeza pachipata cha munda n'kulowetsapo hatchi kuti inu mudutse. Akatero dutsani pa liwiro la munthu woyenda pansi, ndipo musaponde mafuta mpaka mutatalikira, chifukwa maphukusi akagubuduka kumbuyo kwa vani phokoso lake limaidzidzimutsa kuposa injini.

Mphunzitsi_wa_Galimoto
Ndipo a magalimoto amagetsi, inu simumveka. Mukakhala kumbuyo kwa hatchi khalani patali mpaka wokwerayo atacheuka n'kukuonani. A njinga nanunso lankhulani musanafike, ndipo musadutse hatchi mbali ya kumanzere.

Chimwemwe_M6
Aphunzitsi, za 10 mph ndi mamita awiri ndazilemba m'kope la theory. Lamulo lija munati 215?

Mphunzitsi_wa_Galimoto
215, chemwali. Muwerengenso 163 la kadutsidwe, ndi 49 mpaka 55 a okwera hatchi eni ake, kuti mudziwe zomwe iwo anauzidwa kuchita pa raundabauti. Amakhala kumanzere ngakhale akukhotera kumanja, ndiye musawadule potuluka.